Zaka 80 chimirire sitima ya Vipya: anthu 145 amene manda awo ndi nyanja

CHADIZA — M'chaka cha 2026 zikukwana zaka 80 kuchokera pamene sitima ya pamadzi ya MV Vipya inamira pa nyanja ya Malawi ndi kupha anthu 145. Ngoziyi inachitika pa 30 July 1946, m'nyengo ya mphepo ya mwera, ndipo mpaka lero palibe sitima kapena bwato lina m'dziko la Malawi limene linamira ndi anthu ochuluka chotere. Komabe kunja kwa maboma a m'mphepete mwa nyanjayo ndi anthu owerengeka amene angatchule dzina la sitimayo, ndipo ocheperapo ndi amene angatchule dzina la mmalinyero ngakhale mmodzi mwa amene anapita nayo pansi.

Munthu wa kwa Zingalume kapena kwa Mlolo m'boma la Chadiza angafunse kuti nkhani ya sitima ikumukhudza bwanji, pamene kwawo madzi aakulu ndi a m'damu ndi a mitsinje monga Nsadzu ikasefukira dzinja. Kuti akafike kunyanjako ayenera kudzera ku Chipata, kuwoloka malire pa Mwami, kupyola Mchinji ndi Lilongwe mpaka ku Salima. Koma chilankhulo chimene amamvera pa wailesi chimatchedwa Chinyanja, ndipo nyanja yake ndi yomweyo. Usipa umene amagula pamsika umachokera komweko. Mwezi wa August ukafika, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo pamenepo palibe amene amati maliro a tsidya lina la malire ndi a eni ake. M'chaka cha 1946 malirewo anali ofooka kuposa lero. Chipata ankatchedwa Fort Jameson, Malawi anali Nyasaland, ndipo anthu ankadutsa uku ndi uko kukafuna ntchito, sukulu ndi mabanja.

Vipya inali sitima yatsopano. Inapangidwa ku Scotland nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, inabwera m'zidutswa, ndipo inalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja n'kuikidwa m'madzi mu 1944. Eni ake anali kampani ya njanji ya Nyasaland Railways, imene inkayendetsanso sitima za pamadzi. Kutalika kwake kunali mamita pafupifupi 43, ndipo inakonzedwa kuti izinyamula anthu 315 ndi katundu wolemera matani 100. Inayamba maulendo onyamula anthu pakati pa chaka cha 1946. Ulendo umene inamira unali wachinayi.

Tsikulo sitimayo inanyamuka pa doko la Mbamba Bay, ku Tanganyika, dziko limene lero ndi mbali ya Tanzania, kuwoloka nyanja kulowera kugombe la kumadzulo. M'katimo munali anthu 194, okwera ndi antchito pamodzi, ndipo woyendetsa anali Kaputeni Keith Farquharson. Itayandikira Florence Bay, dera la Chitimba ndi Chiweta kumunsi kwa phiri la Livingstonia, mafunde anaigwetsera chammbali, inatembenuka ndi kumira mofulumira. Anapulumuka anali 49 okha. Ena anasambira, ena anagwiririra matabwa ndi zinthu zina zoyandama mpaka kukafika kumtunda. Kaputeniyo anafera momwemo. Sitimayo sinavuulidwe, ndipo matupi a ambiri mwa anthu 145 aja sanaonekenso.

Amene sanaione nyanjayi amaganiza kuti ndi dziwe lalikulu chabe. Kutalika kwake kuchokera kum'mwera mpaka kumpoto kumaposa makilomita 550, ndipo kumpotoko pali malo akuya mamita oposa 700. Mwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imawomba kwambiri m'miyezi yozizira kuyambira May mpaka August. Popeza nyanjayo inagona motsata njira ya mphepoyo, mafunde amakhala ndi mtunda wautali wokulira, ndipo pofika kumpoto amakhala atakwera ngati a panyanja ya mchere. Sitima yoyenda molunjika kumpoto kapena kum'mwera imakumana nawo kutsogolo kapena kumbuyo. Yowoloka kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, monga inachitira Vipya, imawalandira m'nthiti, ndipo funde lililonse limaipendeketsa. Asodzi a Chitonga, Chitumbuka ndi Chiyao ankazidziwa izi sitima za injini zisanabwere. Mwera ukadzuka, mabwato amakokeredwa pamchenga ndipo amuna amasoka maukonde kudikira kuti udekhe.

Apa pali chinthu chimene chimasiyanitsa Vipya ndi ngozi zambiri zimene zimamveka masiku ano. Sitimayo sinadzaze mopyola muyezo. Anthu 194 m'malo okwana 315 ndi ochepa ndithu. Choncho mawu ozolowereka akuti anthu anapanikizana dala sagwira ntchito pano. Mbiri ya ngoziyi imatchula zinthu ziwiri kuwonjezera pa mphepo. Choyamba ndi kapangidwe ka sitimayo: inali yolemera kumwamba, kotero kuti ikapendekeka inkachedwa kubwerera. Chachiwiri ndi chiganizo cha woyendetsa, amene anapitiriza ulendo ngakhale antchito ake Achiafrika anaona kuti nyanja yaipa ndi kumuchenjeza.

Zinthu ziwirizi zakhala zikukankhirana mlandu kwa zaka zonsezi, ndipo sizovuta kuona chifukwa chake. Kunena kuti analakwa ndi kaputeni kumapeputsa kampani ndi amene anavomereza sitimayo kuti inyamule anthu, popeza wolakwayo anamira ndipo sangayankhe. Kunena kuti inalakwika popanga kumapeputsa kaputeni. Kunena kuti unali mwera basi kumapeputsa onse. Koma mwera umawomba chaka ndi chaka, ndipo sitima zakale monga Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, zinadutsa m'nyengo zambiri zoterezi osamira. Mphepo inali mayeso chabe. Chimene chinalephera mayesowo chinapangidwa ndi anthu, ndipo chinayendetsedwa ndi anthu.

Nkhani ya chenjezo la antchito ndi yofunika kuimapo pang'ono, pakuti ndi pamene pakuonekera mmene ntchito inkayendera masiku amenewo. Pa sitima za panyanjayi, maudindo aakulu anali a azungu. Okoka zingwe, opalasa maboti okatula anthu kugombe, othandiza ku injini, ophika ndi onyamula katundu anali Aafrika, ambiri a iwo obadwira m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja yomweyo. Iwo ndiwo ankadziwa maonekedwe a mitambo pamwamba pa mapiri, ndi kusintha kwa mtundu wa madzi mphepo isanafike. Nzeru zimenezi zinalibe satifiketi, ndipo mwini wake analibe mphamvu yolamula kuti sitima ibwerere kudoko. Ankangonena, wamkulu n'kumva kapena kusamva. M'sitimamo anthu ankakhalanso mosiyana monga mwa khungu ndi tikiti: a kalasi yoyamba pamwamba, unyinji wa Aafrika m'munsi, kumene madzi akalowa njira yotulukira imakhala yopapatiza.

Chodabwitsa ndi chakuti dzina limene limabwerezedwa nthawi zonse nkhaniyi ikafotokozedwa ndi la kaputeni. Amalinyero amene anamuchenjeza, ndi amene anafa ali pantchito yawo, amangotchedwa "antchito a m'sitima". Okwera amangokhala chiwerengero. Chiwerengero ndi chabwino kwa wolemba mbiri, koma banja silimalira 145. Limalira mwana wa uje, mdzukulu wa uje, wa pfuko lakuti.

Achewa a ku Chadiza sangavutike kumvetsa kulemera kwa zimenezi. Kwa iwo maliro ali ndi ndondomeko yake: uthenga umapita kwa mfumu, adzukulu amakumba manda, thupi limaikidwa pakati pa makolo, pambuyo pake pamabwera kumeta, ndipo patapita nthawi abale amasonkhananso pa mowa wa bona kapena poika chiliza. Zonsezi zimatsamira pa chinthu chimodzi, kuti pakhale mtembo ndi malo oti mwana adzaloze kuti atate ake agona apa. Munthu akamira osapezeka, ndondomeko yonse imapunduka. M'madera ena anthu amaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa thupi, kuti mwambo uthe ndipo wamasiye amasuke. Mabanja ambiri a mu 1946 anakumana ndi vuto limeneli nthawi imodzi, m'midzi yotalikirana, ena a iwo osadziwa n'komwe kuti mbale wawo anakwera sitimayo tsiku limenelo.

Kuchedwa kwa uthenga kunawonjezera chisoni. Nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka inayamba mu 1941, ndipo m'zaka zotsatira inakula mpaka kumaulutsa m'Chinyanja kwa omvera a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland yemwe. Koma wailesi yotsika mtengo ija yooneka ngati poto, imene inalowetsa mawu a ku Lusaka m'midzi, inabwera mu 1949. Chaka chimene Vipya inamira, mudzi wamba unalibe wailesi. Uthenga wa maliro unkayenda ndi kalata, ndi mphunzitsi wa mishoni, kapena ndi munthu wapaulendo. Zaka zitatu pambuyo pake kunagwa njala yoopsa ya 1949, imene inakhudza pafupifupi khomo lililonse kum'mwera kwa Nyasaland, ndipo okalamba anayamba kuwerenga zaka kuyambira pa njalayo. Ngozi ya tsiku limodzi kumpoto kwa nyanja inaphimbika.

Chikumbutso chilipo. M'tauni ya Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Shire, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mwala wokumbukira anthu amene anamira ndi Vipya. Pomwepo palinso mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pagombe. Alendo amakonda nkhani ya mfutiyo chifukwa ndi yoseketsa: woyendetsa sitima ya Chijeremani sankadziwa kuti ku Ulaya nkhondo yayamba. Mwala wa Vipya ulibe choseketsa. Ulinso kumapeto a kum'mwera kwa nyanja, makilomita mazana angapo kuchokera pamene sitimayo inamira ndi pamene opulumuka anatulukira m'madzi.

Mayiko ena aonetsa kuti kuiwala kotere si lamulo. Pa 21 February 1917 sitima ya SS Mendi inawombedwa ndi sitima ina mu nkhungu pafupi ndi Isle of Wight ku England, ndipo anthu oposa 600 anamira, ambiri a iwo amuna akuda a ku South Africa opita kukagwira ntchito kunkhondo ku France. Boma la azungu la nthawiyo silinawapatse mendulo. Nkhani yawo inasungidwa ndi mabanja, matchalitchi ndi alakatuli kwa zaka zambiri, kufikira boma la demokalase litaitenga kukhala ya dziko lonse. Lero South Africa ili ndi mendulo ya ulemu yotchedwa Order of Mendi, ndipo asilikali a dzikolo amakumbukira tsiku la 21 February. Maina a amunawo analembedwa pa chipilala cha Hollybrook mu mzinda wa Southampton. Chimene chinapangitsa kuti zitheke ndi chakuti panali maina oti alembedwe, ndiponso anthu amene sanatope kuwatchula.

Zambia nayo imadziwa kukumbukira ikafuna. Ndege itagwera m'nyanja ya mchere pafupi ndi Libreville ku Gabon pa 27 April 1993, anthu 30 amene anafa, kuphatikizapo osewera mpira 18, anaikidwa pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka, ndipo mpaka lero mwana wa sukulu angatchule ena mwa maina awo. Ku Mufulira anthu amakumbukira amuna 89 amene anafera mumgodi pa 25 September 1970. Koma ngozi za pamadzi a m'dziko muno sizikhala nthawi yaitali m'makutu. Pa 24 October 2014, tsiku limene Zambia inakwanitsa zaka 50 za ufulu, bwato linatembenuka pa nyanja ya Kariba m'boma la Gwembe ndi kupha anthu 26, ambiri a iwo ana opita kuchikondwerero. Patangopita masiku anayi Pulezidenti Michael Sata anamwalira ku London, ndipo maso a dziko lonse anatembenukira kumeneko. Kumapeto kwa March 2023 anthu 14 a mpingo wa Seventh-day Adventist anamira pa nyanja ya Bangweulu. Mwezi wotsatira, tsidya lina la malire m'boma la Mchinji, bwato la anthu opita kumaliro linatembenuka pa mtsinje wa Rusa, ndipo maliro amodzi anabala ena.

Ngozi iliyonse yotere imatsatidwa ndi mawu ofanana: chipepeso cha boma, chenjezo kwa eni mabwato, lonjezo la zovala zoyandamitsa munthu pamadzi. Malamulo alipo kale. Zambia ndi Malawi onse ali ndi lamulo la kayendedwe ka zombo pa nyanja ndi mitsinje ya m'dziko, ndi nthambi za boma zoyang'anira ntchitoyi. Nthambi ya zanyengo ku Malawi imalengeza pa wailesi mwera ukamayandikira, mwayi umene amalinyero a mu 1946 analibe. Chimene sichinasinthe kwenikweni ndi funso la pa Vipya lija: ndani ali ndi mphamvu yoletsa ulendo? Pa madoko ang'onoang'ono ambiri, woyendetsa bwato ndi wolembedwa ntchito chabe, mwini bwato akufuna ndalama za tsikulo, okwera alipira kale ndipo akuthamangira msika, chipatala kapena maliro. Wodziwa madzi amanena, koma wolamula ndi wina.

Palinso nkhani ya kaundula, imene imaoneka yaing'ono kufikira tsiku la tsoka. Sitima ya MV Bukoba itamira pa nyanja ya Victoria pafupi ndi Mwanza pa 21 May 1996, mndandanda wa okwera unali ndi anthu a kalasi yoyamba ndi yachiwiri okha. A kalasi yachitatu sanalembedwe, ndipo n'chifukwa chake chiwerengero cha omwalira chimangonenedwa kuti chinali mazana ambiri. Ku Senegal, sitima ya Le Joola inatembenuka mu namondwe pa 26 September 2002 itanyamula anthu oposa katatu muyezo wake, ndipo boma linalengeza kuti anafa 1,863. M'ngozi zonsezi amene amasowa m'mabuku ndi omwewo amene analipira tikiti yotsika mtengo. Kope la masamba ochepa ndi cholembera, zosungidwa pagombe osati m'bwato, n'zokwanira kuti mfumu ndi apolisi adziwe amene akufunidwa m'madzi. Mtengo wake sufika ngakhale pa lita imodzi ya petulo.

Kunena zoona, phunziro lina la Vipya linamveka. Sitima imene inabwera m'malo mwake, MV Ilala, inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Yayenda pa nyanja yomweyo, kudutsa m'nyengo za mwera, kwa zaka zoposa 70. Dzina lake likuchokera ku Zambia: Ilala ndi dera la kwa Chitambo kumene David Livingstone anamwalira mu 1873, ndipo linali dzina la sitima yoyamba ya injini imene amishoni a ku Scotland analowetsa m'nyanjayi mu 1875. Akatswiri opanga sitima anakonza mbali yawo. Mbali yotsala, ya kumvera wodziwa madzi ndi kulemba dzina la wokwera aliyense, sifuna mainjiniya a ku Glasgow, ndipo mwina n'chifukwa chake yachedwa chotere.

Chaka cha 80 chikupereka mpata wochita chinthu chimene chikanachitika kale: kusonkhanitsa maina a anthu 145 aja ndi a opulumuka 49, pamodzi ndi midzi yawo, n'kuwawerenga poyera. Malo oyambira akudziwika. Pali nyumba yosungira zolemba zakale za boma ku Zomba, pali nyumba ya zinthu zakale za panyanja ku Mangochi, pali mabuku a mipingo ya Livingstonia ndi Likoma, ndipo pali mafumu a m'mphepete mwa nyanja kuyambira Nkhata Bay mpaka Karonga, komanso tsidya la Tanzania kumene ulendowo unayambira. Wailesi, imene inachedwa kufika mu 1946, ingathe kuitana mabanja a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi kwa amene anasamukira ku Zimbabwe ndi South Africa kuti anene ngati kwawo kuli agogo amene anapita ndi sitimayo.

Ntchitoyi ili ndi malire a nthawi. Mwana amene anali ndi zaka 10 pamene uthenga wa imfa ya atate ake unafika pamudzi ali ndi zaka 90 m'chaka cha 2026, ndipo amalinyero amene anasambira mpaka kugombe la Florence Bay anali kale amuna aakulu tsiku limenelo.